Netiweki ya mumtengo wa malemu apongozi

Kumene ndikukhala masiku ano, kuseri kwa Thambani, kuli anthu ambiri amene dzina langa lenileni salidziwa. Amanditchula kuti aChinthu. Ngakhale abusa tsiku lina anatsala pang'ono kundiitana choncho ali pa guwa (anakhosomola n'kukonza msanga). Ine sindikwiya, chifukwa dzinalo ndinakalitenga ndekha, ndi manja anga komanso mapazi opanda nsapato. Chowawa n'chakuti kumudziko sindinapite kukakhala. Ndinangopita kukapempha mkazi wanga, wanga ndithu wa ukwati wa m'tchalitchi, kuti ndizikakhala naye pa boma.

Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta pa Mwanza boma, pa kabungwe kena kothandiza alimi a zipatso. Mkazi wanga Esinati kwawo ndi kufupi ndi malire a Mozambique. Titakwatirana iye anatsala kwa mayi ake monga mwa mwambo wa chikamwini, ine n'kumangopitako Loweruka. Poyamba ndinkati ndipirira, koma munthu wokwatira kumadzikazingira mazira tsiku ndi tsiku ngati batchala, mapeto ake mtima umadandaula. Choncho ndinaganiza zokapempha chitengwa, kuti akuchikazi andilole kumutenga mkaziyo. Wopereka chilolezocho anali malume ake a Esinati, a Zuze, mchimwene wawo wa apongozi anga. A Zuze anawoloka malire kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo ali mnyamata ndipo sanabwererenso. Ndi munthu woyankhula pang'onopang'ono, wosaseka, ndipo akati "pronto" ndiye kuti nkhaniyo yatha.

Ndikufotokozereni kaye ntchito yangayo, chifukwa ndiyo inandikweza mumtengo. Kutali kwina kunja kwa dziko lino kuli kompyuta yaikulu imene akatswiri anasungamo mayina a zinthu za ulimi. Sanangowandandalika ngati dikishonale ayi, anawalumikiza ngati mbumba. Chinthu chilichonse chili ndi nambala yake, kholo lake, ana ake ndi abale ake. Nachesi kholo lake ndi zipatso za mtundu wa malalanje, zimenezonso kholo lake ndi zipatso, choncho mpaka kumtunda. Kasanjidwe kameneka amati ontoloje. Kompyutayo sicheza ndi anthu, imangoyankha makina anzake. Ntchito yanga inali kulemba kapulogalamu ka pa foni kotenga funso la mlimi, kulitumiza kumeneko pa intaneti m'chiyankhulo cha makina, n'kubweretsa yankho m'Chichewa.

Kapulogalamuko kanali kasanathe. Batani limodzi lokha ndilo linkagwira ntchito, lofunsa kuti chinthu chakuti ndi chiyani ndipo kholo lake ndani. Batani lofunsa chimene chimayambitsa matenda ndi lina lofunsa mankhwala analipo, obiriwira bwino, okongola kwambiri, koma kuseri kwake kunalibe kanthu (ndinkati ndimalizitsa Lolemba, ndipo Lolemba limenelo linali litadutsa kangapo).

Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, manachesi atapsa mpaka kuunjikidwa m'mbali mwa msewu. Ndinakwera pikapu kukafika pa Thambani, kenako kabaza mpaka pakhomo. Ndinavala thalauza la suti ya ukwati, limene linali litayamba kundithina chifukwa cha mazira aja. Esinati anandichingamira kumpanda, nandilandira chikwama.

"Inu, malume akakufunsani muyankhe chimene afunsacho basi," anatero motsitsa mawu. "Za makompyuta zanuzo musayambe."

"Ine ndi mwana kodi?"

"Sindinanene kuti ndinu mwana. Ndati musayambe."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu langa tsiku limenelo linali lachikopa.

Tinakhala pakhonde, ine ndi a Zuze. Titalonjerana n'kufunsana za mvula ya chaka chatha, ndinapereka pempho langa mwaulemu monga ndinaliloweza m'pikapu. Iwo anayang'ana nsapato zanga.

"Akamwini, paja akulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndiye tisanakupatseni mwanayu, tiuzeni. Ntchito imene imakusungani pa bomayo ndi yotani, yoti simungaigwire muli konkuno?"

Yankho lake linali lalifupi: ndi ya mu ofesi, malume. Akanagwedeza mutu, nkhani ikanapita patsogolo. Koma ine ndinatulutsa foni. Ndinafotokoza za kompyuta yakutali, za nambala, za kholo ndi ana, mpaka ndinajambula nthambi ndi chala pa fumbi la pakhonde. Esinati, amene ankadutsa ndi ndowa, anaima pang'ono n'kutseka maso ngati munthu wopemphera.

Chodabwitsa n'chakuti a Zuze zinawakomera. Munthu amene ntchito yake pamudzi ndi kudziwa kuti uyu anabadwa kwa yani, nkhani ya mbumba ya zinthu inamufika pamtima.

"Ndiye kuti makinawo amadziwa mtundu wa chinthu chilichonse?"

"Chilichonse, malume. Mungowafunsa basi."

Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero. A Zuze ananyamuka nalowera kumunda. Pobwera anali ndi kanthambi ka nachesi ka masamba achikasu, ndipo anakaika pa bondo langa.

"Mitengo ya kumunsi kwa munda yayamba izi. Afunseni abwana anuwo kuti n'chiyani, ndipo tichite chiyani. Akayankha, pronto, za chitengwa tikambirana."

Apa ndiye ndikanaulula za mabatani obiriwira aja. Koma ndinadziuza kuti batani logwira ntchitolo mwina lipereka kachinthu koti ndikhoza kukulunga bwino ndi pakamwa. Ndinalemba funso. Foni inayankha kuti netiweki palibe.

Pamudzipo aliyense amadziwa kuti wofuna kuimba foni amapita pa chulu cha kuseri kwa khola la mbuzi. Tinapita awiri, a Zuze ali m'mbuyo manja kumsana. Nditakwera pachulupo foni inalira, mtima wanga n'kukhala pansi. Koma unali uthenga wa Chipwitikizi. Ndinawapatsa a Zuze kuti awerenge, ndipo anautalikitsa kumaso.

"Akuti takulandirani ku Mozambique," anatero. "Mwafika bwino?"

Foni inali itakoka netiweki ya tsidya lina, kumene bandulo yanga sigwira. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso, ndinatembenukira kum'mawa, ndinaimirira pa mwendo umodzi, koma Mozambique sinafune kundisiya. A Zuze anati akukasuntha mbuzi zimene anamangirira kudambo, ndipo ndikapeza yankho andipeza.

Tsopano, kumtunda kwa bwalo la apongozi kuli mtengo wa nachesi waukulu kuposa yonse. Anaubzala malemu apongozi aamuna, bambo ake a Esinati, chaka chimene anamanga pamalopo. Mtengo umenewu sakwera munthu. Zipatso zake amathyola ndi ngowe ya nsungwi ataima pansi, ndipo sazigulitsa kwa mavenda. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, Esinati anandiuza tidakali pa chibwenzi. Koma nditadutsa pansi pake nditakweza foni m'mwamba, kamzere kamodzi ka netiweki ya kwathu kanaphethira n'kuzimanso.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Pabwalo panalibe munthu. Ndinadziuza kuti ndingokwera pa nthambi yoyamba, nditumize funso, nditsike (mwaonatu mmene satana amayankhulira mwaulemu). Ndinavula nsapato n'kuzisiya patsinde.

Pa nthambi yoyamba kamzere kaja kanabwera n'kuthawa. Pa yachiwiri kanakhazikika. Ndinatumiza funso, kagudumu ka pa foni kanayamba kuzungulira, ine n'kumadikira nditabisika m'masamba, minga ikundibaya m'mapewa. Ndili chidikirire choncho ndinamva mapazi. Anali apongozi anga aakazi, mphasa kukhwapa, lichero la nyemba pamutu.

Amene simunakhalepo pa chikamwini mwina simungamvetse. Chikwatirire, ine ndi apongoziwo tinali tisanayang'anepo m'maso. Tikakumana m'njira ine ndimapatukira m'udzu. Akafuna kundiuza kanthu amauza Esinati, ngakhale ine ndili pomwepo, ndipo yankho langa limadzeranso kwa Esinati. Kuimirira pamene iwo akhala pansi ndi mwano kale. Ndiye lero ndinali pamwamba penipeni pa mutu wawo, miyendo ili tang'a pa nthambi ziwiri za mtengo wa malemu amuna awo.

Anayala mphasa patsinde. Ataona nsapato zanga anazinyamula, kuzipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, n'kuziika bwinobwino m'mphepete mwa mphasa. Ine ndinadzilimbitsa mtima kuti akuganiza kuti wina waziiwala (pamudzi ponsepo wovala nsapato zopolisha ndinali ndekha). Anakhala pansi n'kuyamba kusankha nyemba. Kenako anayamba kuyankhula, osati ndi ine, koma ndi mtengo, monga akuti amachitira masana alionse.

"Abambo a Esinati, mkamwini wanu uja wabwera. Akufuna atenge mwana azikakhala naye pa boma. Ine ndikana bwanji? Munthu wake ndi wofatsa, mowa samwa, ndiponso ndi waulemu kwambiri. Achimwene akandifunsa ndivomera." Anataya kanyemba kofumbwa. "Kungoti nyumba ija indikulira."

Osanama, ndinamva kukoma, chifukwa chimene ndinabwerera chinali chitatheka kale. Ndinamvanso chisoni, chifukwa m'mapulani anga onse sindinaganizepo kuti Esinati akachoka, mayiyu azidzayankhula ndi mtengo wokha. Ndipo ndinachita manyazi ndi mawu akuti waulemu kwambiri, poona kumene anandipeza.

Ndinatsimikiza zokhala zii mpaka achoke. Koma mumtengomo munali nyerere zofiira zija zimamanga zisa posoka masamba, ndipo ine ndinali nditatsamira chisa chawo. Zinalowera kumwendo kwa thalauza. Zinakwera mwadongosolo, osapupuluma, ngati anthu odziwa kumene akupita. Ndinaluma kolala ya shati. Misozi inatuluka, koma mawu sanatuluke, ndipo pa chimenechi chokha ndimadzitamandira.

Posakhalitsa a Zuze anatulukira kuchokera kudambo.

"Achemwali, akamwini aja mwawaonako?"

"Ine ndaona nsapato," anayankha apongozi, maso ali m'lichero.

A Zuze anayang'ana nsapato. Anayang'ana tsinde. Kenako anakweza mutu pang'onopang'ono mpaka maso athu anakumana pakati pa manachesi.

"Akamwini."

"Wawa, malume."

"Muli bwanji kumeneko?"

"Ndili bwino, kaya inu malume."

"Ife pansi pano tili bwino. Ayankha?"

Ndinayang'ana foni. Yankho linali litafika ndithu, kuchokera kutsidya kwa nyanja mpaka mumtengo wa ku Thambani, ndipo ngakhale nyerere zinkandidya, ndinanyadira pang'ono kuti kapulogalamu kanga kakugwira ntchito.

"Akuti masamba achikasu ndi chizindikiro cha matenda a zomera."

"Zimenezo ndi zimene takutumani nazo. Afunseninso."

Munthu wanzeru akanatsika pomwepo, kugwada, n'kupepesa. Koma ine ndinaganiza kuti popeza mlandu wokwera mumtengo ndapalamula kale, bola nditsike ndi yankho m'manja. Ndinadina batani langa limodzi lija. Kamzere ka netiweki kanali katathawa, ndiye ndinakwera nthambi ina kukatsatira.

"Akuti chizindikiro cha matenda a zomera ndi mtundu wa chizindikiro."

"Ehe," anatero a Zuze. Anakhala pansi pa mwala. "Pitirizani, mwina akubwera."

Ine ndinkadziwa kuti sakubwera. Batani limenelo limangokwera, kuchoka kwa mwana kupita kwa kholo, ndipo ukamakwera mayankho amankera nafupika. Chimene a Zuze ankafuna chinali cham'mbali, kwa abale a matendawo, kumene batani lake linali lopanda kanthu. Koma dzanja linadina, mwendo unakwera. Nthambi zinayamba kuchepa, mphepo ya Juni n'kumandigwedeza pamodzi ndi mtengo.

"Akuti chizindikiro ndi chooneka ndi maso!"

Nthawi imeneyi n'kuti Esinati atatuluka m'khitchini ndi chipande m'manja, ataima pakati pa bwalo kukamwa kuli yasa. Apongozi sanakweze mutu.

"Esinati, uwauze amuna ako kuti nthambi imeneyo ndi yakale."

"Inu, mwamva?"

"Ndamva. Uwauze mayi kuti zikomo kwambiri, ndatsala pang'ono."

Ndinakwera pa nthambi yomaliza yoti munthu n'kupondapo, yolemedwa ndi zipatso. Kumeneko, anzanga, netiweki inali yodzadza, mizere yonse, yoposa ya mu ofesi pa boma. Yankho linabwera nthawi yomweyo.

"Akuti chooneka ndi maso ndi chinthu!"

"Nanga chinthucho n'chiyani?"

Ndinadinanso. Ndinawerenga yankholo kawiri chamumtima, kenako ndinalengeza ndi mawu onse, poti anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pa mpanda.

"Akuti chinthu chilibe kholo. Mafunso athera pomwepa."

Anthu a pa mpanda anayang'anana. Ngakhale nkhuku zinaleka kupalasa.

"Ndiye kuti," anatero a Zuze mofatsa, "matenda a mitengo yanga ndi chinthu."

"Eya, malume."

"Pronto."

Sindikunena kuti mawu amenewo ndiwo anathyola nthambi, koma inathyoka nthawi yomweyo. Inalira kuti tswaa pamene imalumikizana ndi thunthu, n'kung'ambika ndi khungwa lomwe. Ndinatsika mofulumira kuposa mmene ndinakwerera, ndikulonjerana ndi nthambi iliyonse imene ndinaponda. Ndinafikira pa mphasa, pambali penipeni pa apongozi. Nyemba zinauluka. Manachesi anapitiriza kugwa kanthawi ine nditafika kale, ena pamsana panga. Foni sinasweke, chifukwa ndinaikweza m'mwamba ngati khanda powoloka mtsinje.

Thalauza ndilo silinapulumuke. Linang'ambika kumbuyo kuyambira pa lamba mpaka pafupi ndi bondo, ndipo nyerere zimene zinali mkati zinapeza khomo lotulukira. Ndinayesa kudzuka, ndinamva mphepo kumene mphepo siyenera kufika, ndinakhalanso pansi.

Apongozi anatembenuka n'kundifulatira. Chifukwa cha kuzizira anali atafunda chitenje china m'mapewa. Anachivula, natambasula dzanja chakumbuyo osacheuka.

"Esinati, uwapatse amuna ako."

Esinati anali patali, dzanjalo linali pafupi ndi mphuno yanga. Ndinalandira ndi manja awiri.

Choncho mlandu wanga unakambidwa pakhonde ine nditavala chitenje cha apongozi, cha maluwa ofiira, ndi shati yoyera ndi tayi kumtunda. Anansi anabwera kudzathandiza kutola manachesi, ndipo ntchito yochepayo inawatengera nthawi yaitali modabwitsa. A Zuze sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira.

"Akamwini, chitengwa sitikukana. Achemwali anga anavomera kale, ndipo ndikukhulupirira kuti munamva nokha, poti munali pafupi."

Ndinayang'ana maluwa a pa chitenje.

"Koma mtengo uja ndi wa alamu anga. Mwausiya ndi bala. Munthu savulaza mwini khomo n'kunyamula mwana wake tsiku lomwelo. Mukhala konkuno, muusamale. Pamene mwathyolapo pakaphuka nthambi ina n'kubereka, mudzamutenge mkazi wanu. Pronto."

Esinati anandiperekeza kunyumba akuyenda kumbuyo kwanga, ndipo ndinkamva akulimbana ndi mpweya. Titalowa anatseka chitseko n'kugwera pa bedi, kuseka mpaka kulira.

"Ndinakuuzani kuti musayambe."

"Unandiuza."

"A Chinthu inu!"

Mawindo a nyumbayo alibe magalasi. Pofika Lamulungu dzinalo linali litafika kale kutchalitchi.

Ndinabweza nyumba ya lendi pa boma. Masiku ano ndimadzuka m'mamawa kukakwera pikapu, ndipo ntchito ina ndimagwirira pa chulu chija Mozambique ikandilola. Mabatani obiriwira ndinawamaliza. Nditafunsa bwinobwino za masamba achikasu, kompyuta ija inabweretsa abale ake onse: akhoza kukhala njala ya m'nthaka, madzi ochuluka kumizu, kapena matenda ofalitsidwa ndi tizilombo. Kuti mwa zonsezi cha m'munda mwa a Zuze ndi chiti, singanene, chifukwa sinafikepo m'mundamo. Ndinakawauza a Zuze, ndipo anati ndi bwino kuti chinthu chija chapeza abale. Kenako tinakaitana alangizi.

Bala la mtengo ndinalidula bwino ndi sowo, kulimata, kumathirira m'chilimwe ndi kuthira manyowa a m'khola. Linapola. Panaphuka nthambi yatsopano, ndipo itakula inachita maluwa. Ndinasangalala mpaka ndinayamba kufunsa za nyumba pa boma. Patapita masiku ndinapeza maluwa onse a nthambi imeneyo ali pansi, pamene nthambi zina zili mbuu. Esinati anandiuza kuti alimi amatero, maluwa oyamba amawayoyola kuti nthambi iyambe yalimba. Ndinavomera, chifukwa zimenezo ngakhale alangizi amanena.

Chaka chotsatira nthambiyo inachitanso maluwa. Tsiku lina ndinaweruka msanga, ndipo ndikutulukira kuseri kwa khola ndinaona apongozi ataima pansi pa mtengo, ngowe ili m'manja, akugwedeza nthambi yangayo modekha, maluwa akugwera pa duku. Ankayankhula ndi amuna awo monga mwa masiku onse.

"Abambo a Esinati, awanso ndi oyamba."

Ndinaima. Ndinaganiza za nyumba ya pa boma ya magetsi ndi netiweki ya pabedi. Ndinaganizanso za nsapato zija, mmene anazipukutira asanayambe kuuza mtengo kuti nyumba iwakulira. Pa zaka zonsezi, mwina tsiku la nsapato lija ndilo lokhalo limene apongozi anandiuza kanthu osadzera kwa Esinati.

Ndinachita zimene mkamwini waulemu amachita akakumana ndi apongozi. Ndinapatukira m'udzu, n'kuzungulira njira ya kudambo, ndipo sindinaone kanthu.

Mukandifunsa chimene ndinaphunzirapo, ndinganene kuti batani losatha osamalionetsa kwa malume a mkazi wako. Za kukwera mumtengo sindilonjeza. Ndikamathirira madzulo ndimakwezabe maso kuyang'ana kunsonga kuja, chifukwa netiweki ngati imeneyo m'boma lonse la Mwanza sindinaipezenso. Koma nsapato sindivula, ndipo za nyumba ya pa boma ndinasiya kufunsa.